Buku la The Grass Is Singing: Mantha a Adona ndi Kukhala Chete kwa Moses

Buku la The Grass Is Singing ndinaligula kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale amene amayala malonda ake pakhonde la sitolo m'tauni, ndipo linali pansi pa mulu wa mabuku a sukulu, lothyoka msana, masamba ake atachita chikasu ngati fodya wouma bwino. Amene analiwerenga ine ndisanaligule ayenera kuti anali mwana wa sukulu wokonzekera mayeso, chifukwa m'mphepete mwa masamba oyambirira munali modzaza zolemba za pensulo, koma zolembazo zinkachepa pang'onopang'ono mpaka kutheratu buku lisanafike pakati. Sindimuimba mlandu. Ukafika pamene mayi wa m'nkhaniyi wayamba kuopa wantchito wake, pensulo umaiyika pansi, umangofuna kudziwa kuti mawa kucha bwanji panyumbapo, ngakhale kuti mlembi anakuuza kale pa tsamba loyamba mmene zonse zidzathere.

Mlembi wake ndi Doris Lessing, amene anabadwira ku Persia, dziko limene lero timalitcha Iran, m'chaka cha 1919, nakulira pa famu ya chimanga ya makolo ake kufupi ndi Banket ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), komwe banjalo linasamukira mu 1925. Bambo ake, amene anaduka mwendo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, sanapindule nawo ulimiwo, choncho umphawi wa mzungu wa kufamu, umene uli phata la bukuli, Lessing sanachite kuufunsira kwa ena. Mu 1949 anapita ku London atanyamula zolemba za bukuli, ndipo linasindikizidwa mu 1950 ndi kampani ya Michael Joseph, lili buku lake loyamba. Mu 1956 maboma a Southern Rhodesia ndi South Africa anamuletsa kupondanso m'maiko awo chifukwa chodzudzula ulamuliro wa tsankho, mu 2007 analandira mphoto ya Nobel, ndipo anamwalira mu 2013. Mutu wa bukuli anautapa mu ndakatulo ya T. S. Eliot yotchedwa The Waste Land.

Nkhani imayamba ndi kachidutswa ka m'nyuzipepala, ka mizere yowerengeka chabe, konena kuti Mary Turner, mkazi wa mlimi wina wa ku Ngesi dzina lake Richard Turner, wapezeka ataphedwa pakhonde la nyumba yawo, kuti wantchito wa m'nyumba wauvomera mlanduwo, ndiponso kuti akumuganizira kuti ankafuna kuba. Owerenga amene anazolowera mabuku a ofufuza milandu, momwe wakupha amabisidwa mpaka tsamba lomaliza, akhoza kuona ngati awalanda nyama pakamwa. Komatu luso la bukuli lagona pomwepa. Funso loti wapha ndani latha lisanayambe n'komwe, ndipo latsala ndi loti munachitika zotani m'nyumbamo, komanso chifukwa chake azungu onse a m'deralo, amene miseche inali ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku, anamvana osachita kupangana kuti imfa iyi isakambidwe. Mtima wa wowerenga umakhala m'mwamba chifukwa choona munthu akuyenda kulunjika kudzenje limene iwe ukuliona, iyenso akuliona, koma palibe womugwira dzanja.

Mutu woyamba ndi umene ndinaukonda koposa, ndipo ndaubwereza katatu. M'mawa umene mtembo unapezeka, uthenga unayamba wafika kwa Charlie Slatter, mlimi wolemera woyandikana nawo, usanapite kupolisi. Slatter ameneyu anachoka ku London ali wothandizira m'golosale, nadzalemera mu Africa chikoti chili m'manja, ndipo nthawi ina anapha munthu wakuda atapsa mtima n'kungolipitsidwa mapaundi 30. Atafika pafamupo anapeza wakuphayo, Moses, ali kale mu unyolo, popeza sanathawe, anachita kudzipereka yekha. Dick Turner, mwamuna wa malemuyo, anali atazungulira mutu, akuyankhula yekha, akulowa ndi kutuluka m'tchire, koma apolisi akuda ankangomuyang'anira patali, chifukwa sankaloledwa kukhudza thupi la mzungu ngakhale mzunguyo atapenga. Kenaka panabuka vuto la mayendedwe, limene Lessing analilemba mosakweza mawu ngakhale pang'ono. Moses sakanakwera galimoto imodzi ndi mtembo wa mkazi wachizungu, ngakhale kuti mkaziyo anali atafa ndipo anamupha ndi iye yemweyo, ndiye mu galimoto inayo munali Dick. Zikatero wakuda ayende basi. Anauyamba wapansi ulendo wa kupolisi, atazingidwa ndi apolisi a njinga.

Mboni yokhayo imene ikanatha kunena zoona ndi Tony Marston, mnyamata wongofika kumene kuchokera ku England, amene anabwera kudzayang'anira famuyo. Iye anali ataona kanthu, ndipo ankafunitsitsa kufotokoza. Slatter ndi Sajeni Denham wa kupolisi sanamuopseze kapena kumuletsa kuyankhula. Anangomufunsa kuti wakhala nthawi yaitali bwanji m'dzikomo, namuuza mwaulemu kuti akadzazolowera adzamvetsa. Pamenepo Tony anazindikira kuti akuluakulu awiriwo analibe naye kanthu kwenikweni Moses, popeza kwa iwo munthu wakuda kuba kapena kupha sichinali chachilendo. Chidani chawo chinali pa mtembo wa Mary, mkazi amene anawavula. Pabwalo la milandu Tony ananena zimene ankayembekezeka kunena, ndipo pambuyo pake anakathera ku migodi ya ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zambia, akugwira ntchito ya muofesi imene anaithawa kwawo. Sindinawerengepo kwina kulikonse kufotokoza komveka chotere kwa mmene munthu wabwinobwino amaphunzitsidwira tsankho, popanda womukalipira, m'mawa umodzi wokha.

Kuti wowerenga wa lero akumvetse kukhala chete kumeneku, ayenera kudziwa malamulo a nthawiyo. Mu 1903 boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa lamulo loti mwamuna wakuda wogona ndi mkazi wachizungu wapalamula mlandu ngakhale awiriwo atagwirizana, pamene mzungu wamwamuna wogona ndi mkazi wakuda lamulolo silinkamukhudza. M'chaka chomwecho, kuyesa chabe kugwirira mkazi kunasanduka mlandu woti munthu akhoza kunyongedwa nawo. Mu 1930 lamulo logawa malo, la Land Apportionment Act, linapereka pafupifupi theka la dziko lonselo kwa azungu, amene anali ochepa kwambiri powayerekeza ndi eni nthaka. Anthu ochepa okhala pa malo a anthu ambiri, uku akudya thukuta lawo, sagona tulo tabwino, ndipo atsamunda a ku Rhodesia mantha awo onse anawaunjika pa chithunzi chimodzi, cha mkazi wachizungu ali yekhayekha m'nyumba ya kufamu, wantchito wakuda ali kukhitchini. Lessing anatenga chithunzi chomwecho n'kuchitembenuza kuti tione kuseri kwake.

Kuyambira mutu wachiwiri nkhani imabwerera m'mbuyo kukamutenga Mary ali mwana. Anakulira m'timidzi ta fumbi ta m'mbali mwa njanji, bambo ake ali chidakwa chimene malipiro ake ankathera pa ngongole ya mowa kusitolo, mayi ake ali munthu wowawidwa mtima amene anamusandutsa mwanayo pothira madandaulo. Mchimwene wake ndi mchemwali wake anamwalira ndi kamwazi m'chaka chimodzi. Atapita kusukulu yogonera konko anapuma, ndipo atayamba ntchito yotayipa m'tauni anapeza moyo umene unamuyenera: malipiro ake, chipinda chake kumalo ogona atsikana, kanema pafupifupi usiku uliwonse, anzake ambiri aamuna koma popanda wa chibwenzi. Akanatha kukalamba choncho ali wokondwa. Chinamugwetsa ndi miseche, pamene tsiku lina, atapitirira zaka 30, anamva anzake akumunena kuseri kuti amavala ngati kamtsikana ndipo pali china chake cholakwika mwa iye poti sakukwatiwa. Mawu ochepa amenewo anamukankhira m'manja mwa Dick Turner, mlimi wosauka wodana ndi tauni, amene anamuona koyamba m'nyumba ya kanema. Awiriwa sankakondana. Wina ankathawa manyazi, wina ankathawa kusungulumwa.

Nyumba imene Dick anamutengerako ndi imodzi mwa zinthu zoopsa kwambiri m'bukuli, ngakhale kuti mulibe mfiti kapena mzukwa. Ndi kanyumba ka njerwa ka zipinda ziwiri, ka denga la malata lopanda siling'i, ndipo aliyense amene anagonapo masana a mwezi wa Okutobala pansi pa malata otere adziwa zimene Mary ankamva. Lessing amakuuza za kulira kwa malata akamatentha, za nyenje zimene sizileka kulira kutchire mpaka mutu kuwawa, za madzi ochita kutunga pa ngolo kuchokera kumunsi kwa famu, moti kudzithira madzi kuti uzizidwe kumasanduka mkangano wa m'banja. Mary anapempha siling'i, Dick anati chaka chamawa zinthu zikayenda bwino, ndipo chaka chamawacho sichinafike. Kutentha kumeneku sikuli m'nkhanimo ngati zokometsera. Kumagwira ntchito imene m'mabuku ena oopsa imagwiridwa ndi mdima, chifukwa kumamufinya munthu tsiku ndi tsiku mpaka nzeru kuyamba kusweka.

Za ulimi wa Dick sindikhalitsapo, ndipo ndikanakonda mlembinso akanapanda kukhalitsapo. Anayesa njuchi, nkhumba, nkhukundembo, akalulu, sitolo yogulitsa kwa antchito, njinga zogulitsa, pomaliza fodya amene anapsa ndi chilala, ndipo chilichonse chinalephera. Mitu imeneyi ndi yoona, ndipo mlimi aliyense aseka mowawa poiwerenga, koma ikafika pa kulephera kwachinayi wowerenga amakhala atamva kale mfundo yake.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa antchito a m'nyumba. Mary anakula akuuzidwa ndi mayi ake kuti aziopa anthu akuda, koma anali asanakhalepo nawo pafupi, ndipo atafika kufamu mkwiyo wonse umene sakanatha kuutulutsira kwa mwamuna wake unagwera pa iwo. Woyamba anali Samson, bambo wachikulire amene anakhala ndi Dick zaka zambiri mwamtendere. Mary anayamba kukiya zakudya, kuwerenga chilichonse, ndipo tsiku lina mphesa zouma zitasowa anamudula malipiro, mpaka mkuluyo anatsanzika. Wina anamulamula kukwecha bafa la zinki kuyambira m'mawa mpaka madzulo osadya kanthu, pofuna kuti liwale, pamene bafalo silikanawala ngakhale atalikwecha sabata yathunthu. Chondichititsa chidwi n'chakuti Lessing samulemba Mary ngati chilombo. Umamumvera chisoni pa tsamba limodzi, pa tsamba lotsatira n'kumuona akunyansidwa ndi amayi oyamwitsa ana awo pakhomo pa sitolo, ndipo umakakamizika kuvomereza kuti wovutikayo ndi wozunzayo ndi munthu mmodzi.

Pakati pa antchito amenewa pali mmodzi amene sanapatsidwe dzina ndipo amaoneka pa masamba owerengeka okha, koma ine ndi amene ndinatsala naye. Samson atachoka, pakhomo la kukhitchini panafika mnyamata wosakwana zaka 20, woonda chifukwa cha ulendo wautali wapansi kuchokera kwawo ku Nyasaland. Anali asanalowepo m'nyumba ya mzungu, sankadziwa kusiyana kwa mpeni ndi foloko pathebulo, ndipo sankamva chinenero chokhadzula cha kukhitchini chimene adona ankamulamulira nacho, chija makolo athu ankachitcha Chilapalapa. Mary anamuzungulitsa m'nyumba monse akumuuza malamulo motsatizana, iye akungoyang'ana pansi, ndipo adonawo anakuona kuyang'ana pansiko ngati mwano kapena chinyengo, osadziwa kuti kwathu mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso. Posakhalitsa anagwetsa mbale chifukwa cha mantha, nachotsedwa ntchito pomwepo. Buku limapitirira, ndipo za iye sitimvanso.

Ndinaima pamenepo kwa nthawi, chifukwa agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anauyenda ulendo womwewo ali mnyamata, kufunafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete. Ankatiuza za kugona m'mitengo poopa mikango, za kuoloka Zambezi ku Tete, za kugwira ganyu m'njira kuti apeze ufa wofikira ku Halale, ndipo mpaka ukalamba wawo akakwiya ankasakaniza mawu a Chilapalapa amene ife adzukulu tinkangowaseka osawamva. Anzawo ena anapita kudzera kwa a Mthandizi, amene ankalemba anthu ntchito za ku Rhodesia monga mmene a Wenela ankalembera za kumigodi ya ku Joni, ndipo ambiri sanabwerere, anasanduka machona amene zidzukulu zawo zili m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe mpaka lero. Mnyamata wogwetsa mbale uja akanatha kukhala aliyense wa iwo. Wowerenga wa ku London wa mu 1950 anamuona ngati chitsanzo chimodzi cha nkhanza za Mary; wowerenga wa ku Dedza kapena ku Chipata amuona ngati mbale wake, ndipo kwa iye buku lonse limasintha kulemera kuyambira pamenepo.

Moses amalowa m'nkhani kumunda. Dick atagwa ndi malungo, Mary anatenga chikoti n'kupita kukayang'anira antchito, ndipo anapeza kuti ulamuliro ukumukomera. Tsiku lina wantchito wina wamphamvu anaima pa ntchito, nanena m'chinenero chake kuti akufuna madzi. Mary anamukalipira kuti asamuyankhule zosamveka, ndipo munthuyo anabwereza m'Chingerezi, pang'onopang'ono, akumwetulira, anzake n'kuseka. Kwa mzungu wa nthawiyo wakuda kuyankhula Chingerezi chinali chipongwe, ndipo Mary anamukwapula kumaso mpaka magazi kudontha. Kwa kanthawi kochepa munthuyo anamuyang'ana mwa njira imene inamuumitsa Mary m'mimba, kenaka anapukuta magaziwo n'kubwerera ku ntchito. Patapita zaka ziwiri, antchito a m'nyumba atatha onse kuthawa, Dick anatenga wantchito wake wodalirika wa kumunda n'kumubweretsa kukhitchini, nachenjeza mkazi wake kuti uyu yekha asachoke. Mary ataona chipsera pa tsaya anamuzindikira.

Kuchokera apa bukuli siliikika pansi. Palibe chimene Moses amachita choti munthu angachitche choopseza. Amagwira ntchito bwino, amayankha mwaulemu, anaphunzirako kumishoni ndipo nthawi ina amafunsa adona ngati Yesu angavomereze kuti anthu aziphana monga akuchitira azungu kunkhondo. Tsiku lina Mary anamupeza akusamba kuseri kwa nyumba, ndipo iye anangoima chilili kudikira kuti mayiyo achoke, monga angachitire munthu aliyense wofuna ulemu wake; Mary anapsa mtima chifukwa kwa kamphindi kameneko anakakamizika kumuona ngati munthu. Moses atanena kuti asiya ntchito pakutha pa mwezi, Mary, poopa mkwiyo wa Dick, anagwa misozi pamaso pake n'kumupempha kuti asachoke. Moses anamupatsa madzi akumwa, namugwira paphewa kumuperekeza kukagona. Pambuyo pake anayamba kumukakamiza kudya, ndipo tsiku lina anaika maluwa a kutchire m'kapu yothyoka chogwirira pambali pa chakudya. Munthu amene Mary anamumenya chifukwa cha madzi ndi amene akumumwetsa madzi, ndipo chifundo chimenechi ndi chimene chinamuopsa Mary kuposa mpeni, popeza m'dziko limene anakuliramo munalibe dzina la ubale wotere. Maloto ake amayamba kusakaniza nkhope ya Moses ndi ya bambo ake, ndipo wowerenga sathanso kusiyanitsa pamene pathera mantha ndi pamene payambira chilakolako.

Slatter ndi amene anaona koyamba kuti zinthu zapita patali, pamene anabwera kudzacheza madzulo ena n'kumva mmene Mary ankayankhulira kwa wantchito wake, ndi kamawu kokopa kamene mkazi sayankhulira boyi. Iye ankaisirira kale famu ya Dick kuti azidyetserako ng'ombe, koma tsopano panabwera chifukwa china, lamulo losalembedwa loti mzungu asalole mzungu mnzake kutsika kupitirira muyezo wina, kuopa kuti akuda angaone kuti palibe kusiyana. Anamukakamiza Dick kugulitsa famuyo ndi kutenga mkazi wake kupita kutchuthi, nabweretsa Tony kuti ayang'anire malowo. Tony ndiye anaona, kudzera pakhomo, Moses akumuveka Mary diresi ndi kumumangira mabatani kumsana, mofatsa ngati bambo kwa mwana kapena mwamuna kwa mkazi wake. Mary, atapeza mzungu woti abisale kumbuyo kwake, anamukuwira Moses kuti achoke. Ngati pali chifukwa cha imfayi chimene bukuli limapereka, ndi kukanidwa kumeneku.

Mutu womaliza ndi tsiku limodzi lokha, lomaliza la Mary, ndipo ndi wolembedwa mwaluso loti ndinauwerenga nditaimirira. Amadzuka m'bandakucha ali ndi mtendere wachilendo, akudziwa kuti Moses ali penapake m'tchiremo akudikira, ndipo m'maganizo mwake amaona mmene tchire lidzaimezere nyumbayo iye akadzachoka, makoswe, udzu ndi mitengo yophukira pakati pa zipinda. Usiku mvula ikuyandikira amatuluka yekha kupita pakhonde. Amatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma mawu sanatuluke.

Tsopano ndinene chimene chinandikhumudwitsa, popeza ndi chachikulu. Mlembi amalowa m'mutu mwa Mary, mwa Dick, mwa Tony, ngakhale mwa Slatter, koma pa Moses amaima pakhomo. Sitidziwa mudzi wake, mayi ake, kapena ngati anasiya mkazi kwinakwake. Mutu woyamba umangoti akhoza kukhala wochokera kulikonse, kumadera olamulidwa ndi Apwitikizi, ku Nyasaland kapena ku South Africa, ndipo umaseka akuluakulu a boma amene ankafotokoza kudzipereka kwake ndi miyambo ya nthawi ya Lobengula, mfumu ya Amandebele, pamene sankadziwa n'komwe mtundu wake. Mawu onse amene amayankhula m'buku lonse sangadzaze masamba awiri. Chimene timachiona kawirikawiri ndi thupi lake, msana wake waukulu, minofu yothina m'malaya aang'ono, ndipo kumeneku ndi kuyang'ana komwe kuja kwa atsamunda kumene bukuli likudzudzula. Pa tsamba lomaliza, Moses atapha n'kukakhala pachulu kudikira omugwira, mlembi amavomera yekha kuti n'kosatheka kunena zimene zinali mumtima mwake, kaya chisoni, kaya chikondi chovulazidwa, kaya kukhutira ndi kubwezera.

Ena amati kumeneku n'kuona mtima, kuti mkazi wachizungu woleredwa pafamu ya ku Rhodesia sakanatha kudziwa za mumtima mwa wantchito, ndipo akanayesa akananama. Ndikuimva mfundoyi, ndipo ndikuvomera kuti bodza likanaipa koposa. Koma mlembi yemweyo anatha kulowa mumtima mwa Slatter, munthu amene ankamunyansa, ndipo anatha kulemba maganizo a mwamuna wopenga. Zotsatira zake n'zakuti nkhani imene inalembedwa pofuna kuonetsa kuti mantha a azungu anali odzipangira imathera pa chinthu chomwecho chimene azunguwo ankaopa, munthu wakuda wotuluka mumdima ndi chitsulo m'manja. Mlimi wa ku Rhodesia akanatha kuwerenga masamba omaliza okha n'kunena kuti mwaonatu, tinkanena ife. Sindikuganiza kuti cholakwa chimenechi chikuligwetsa bukuli, koma wowerenga wakuda amachimva pakhungu, ndipo sayenera kuuzidwa kuti sichilipo.

Pali zina zing'onozing'ono zoti wogula azidziwe. Mawu onyoza anthu akuda amene azungu a kumeneko ankagwiritsa ntchito alimo ambiri, osabisidwa, ena m'kamwa mwa anthu a m'nkhani, ena m'mawu a wofotokoza nkhani amene nthawi zina amabwereka kayankhulidwe ka atsamunda pofuna kuwanyodola. Wowerenga wachinyamata akhoza kusokonezeka osadziwa kuti mlembi waima mbali iti, choncho mphunzitsi kapena kholo lopatsa mwana bukuli liyambe lakambirana naye. Nthawi zinanso wofotokozayo amaima n'kuyamba kuphunzitsa, kutiuza tanthauzo la zimene taziona kale ndi maso athu, chizolowezi cha mlembi wongoyamba amene sanayambe kumukhulupirira wowerenga wake. Koma Chingerezi chake n'chosavuta, ziganizo zake n'zolunjika, mitu yake ndi 11 yokha, ndipo aliyense amene anafika Fomu 4 akhoza kulimaliza pa masiku atatu popanda kutsegula dikishonale kawirikawiri.

Bukuli lasindikizidwa kambirimbiri, ndipo linalowanso m'gulu la African Writers Series la kampani ya Heinemann, chifukwa chake limapezeka m'malaibulale akale a sukulu ndi kwa ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito. Mu 1981 anapangapo filimu imene inajambulidwa ku Zambia, momwe Karen Black anasewera ngati Mary, John Thaw ngati Dick, ndipo John Kani wa ku South Africa ngati Moses. Amene akufuna nkhani ya mfuti ndi kuthamangitsana asataye ndalama yake pano. Amene akufuna kudziwa mmene mantha ankakhalira m'kati mwa nyumba ija makolo athu ankangoionera kukhitchini, aligule, koma alowemo akudziwa kuti za kukhitchiniko adzazimva ndi khutu la adona. Mukagula lakale monga ndinachitira ine, yambani mwaona ngati masamba omaliza alipo onse, chifukwa ndi amene amayamba kuthothoka, ndipo langa ndinachita kulimata ndisanaliwerenge.

Nditalimaliza ndinabwerera kukafufuza pamene mwana wa sukulu uja analekezera kulemba. Zolemba zake zonse zinali za m'Chingerezi, zija aphunzitsi amalembetsa pokonzekera mayeso, za mitu ya nkhani ndi makhalidwe a atengambali. Chomaliza chokha ndi chimene chinali m'Chichewa, pambali pa ndime ya mnyamata wa ku Nyasaland wogwetsa mbale, mawu awiri olembedwa mopepuka moti ndinachita kupendeketsa tsamba kuti ndiwaone: wa kwathu.